Kodi Mtengo wa Wantchito Wokalamba Umayesedwa ndi Chiyani?

Sayikoloji ya pantchito, yomwe ndi nthambi ya maphunziro yofufuza kaganizidwe ndi khalidwe la anthu m'malo awo a ntchito, yakhala ikusinkhasinkha kwa zaka zambiri ngati ukalamba umatsitsadi kagwiridwe ka ntchito ka munthu, ndipo ofufuza nkhaniyi amapeza mayankho olimbikitsa kuposa mmene olemba anthu ntchito ambiri amaganizira. Raymond Cattell anasiyanitsa nzeru zothetsera msanga vuto lachilendo, zomwe zimayamba kuchepa munthu akangopitirira unyamata, ndi nzeru zosonkhanitsidwa pophunzira ndi pozolowera ntchito, zomwe zimakulabe ngakhale imvi zitayamba kumera. Mu 1984 Timothy Salthouse anafufuza anthu otayipa a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti achikulire, ngakhale ankachedwa akamayesedwa changu cha zala, pantchito yeniyeniyo ankafanana liwiro ndi achinyamata, chifukwa maso awo ankawerengeratu mawu a kutsogolo zala zisanafikeko. Paul ndi Margret Baltes anafotokoza luso lotereli kuti wachikulire amasankha zochita zochepa, amaikapo mphamvu zake zonse, kenako amapeza njira zina zokwirira pamene thupi layamba kuperewera.

Makampani ena anaziona okha zimenezi. Mu 2007 fakitale ya galimoto ya BMW ku Dingolfing, m'dziko la Germany, inaika pagawo limodzi antchito amene avereji ya zaka zawo inali 47, inayala matabwa pansi kuti mawondo asamapweteke, inabweretsa mipando ndi magalasi okulitsa zilembo, ndipo ntchito ya gawolo inakwera ndi 7 peresenti.

Umboni wonsewu ndi woona ndi wofunika, komabe muli msampha umene wofufuza woganiza mozama sayenera kuulambalala. Kuteteza wokalamba ponena kuti amabweretsabe phindu lofanana ndi la mnyamata ndi kuvomereza mwakachetechete kuti phindu ndilo muyeso wa munthu, ndipo muyeso umenewu udzamutembenukira wokalambayo tsiku limene maso adzachita chidima ndi manja kuyamba kunjenjemera, pakuti tsikulo limafika ndithu, kaya kafukufuku anene zotani. Chitetezo chimene chimatha pamene chikufunika kwambiri n'chosakwanira. Apa funso lachoka m'manja mwa owerengera manambala, lasanduka la filosofi ndi la chipembedzo: kodi munthu amalemekezeka chifukwa cha zimene manja ake amatulutsa, kapena ntchitoyo ndiyo imalemekezeka chifukwa woigwira ndi munthu?

Papa John Paul II, m'kalata yake ya mu 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anasiyanitsa mbali ziwiri za ntchito, ina ya zinthu zopangidwa, zomwe zingawerengedwe ndi kugulitsidwa, ndi ina ya munthu wozipangayo, amene amaumbidwa ndi kukula kudzera mu ntchito yake, ndipo anaphunzitsa kuti mbali yachiwiriyi ndiyo yaikulu. Ngati zili choncho, kuchepa kwa mphamvu kumachepetsa katundu wotuluka m'fakitale koma sikuchotsa kanthu pa ulemu wa wantchito. Buku la Numeri, pamutu 8, limapereka dongosolo logwirizana ndi maganizowa, pakuti Alevi ankayamba utumiki wa m'chihema ali ndi zaka 25 ndi kusiya ntchito yolemetsa pa zaka 50, koma sankathamangitsidwa: ankakhalabe pomwepo kuthandiza abale awo kuyang'anira malo opatulikawo. Chimene chinkasintha ndi mtundu wa ntchito, pamene malo a munthuyo pakati pa anzake ankakhala osagwedezeka. Dongosolo la masiku ano lopumitsa anthu pantchito limaiwala kusiyana kumeneku, chifukwa limadula zonse ziwiri tsiku limodzi, potsatira nambala imene maboma anangoisankha. Mwachitsanzo, penshoni ya ku Germany ya mu 1889 inkayamba pa zaka 70, ndipo mu 1916 zakazo zinatsitsidwa kufika pa 65.

Kwa wofufuza, nkhaniyi imayamba asanafunse munthu aliyense, pa nthawi imene akusankha zoti aziwerenga ngati ntchito yabwino. Mafomu oyesera antchito amalemba mosavuta katundu wopangidwa pa ola ndi makasitomala othandizidwa pa tsiku, koma kawirikawiri alibe polemba za mayi wachikulire amene amaphunzitsa namwino watsopano kulankhula ndi banja lofedwa, kapena za bambo amene amaziziritsa mkangano usanafike kwa bwana, zimene makolo ankatanthauza ponena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chosawerengedwa chimaoneka ngati kulibe, ndipo wofufuza amene watenga mafomuwo osawafunsa mafunso watengera limodzi chiweruzo chawo pa ukalamba. Ayeneranso kukumbukira kuti kafukufuku wambiri wachitika m'maofesi ndi m'mafakitale a ku Ulaya ndi ku America, pamene m'mayiko monga Malawi okalamba ambiri ndi alimi a minda ing'onoing'ono opanda penshoni, amene amagwirabe khasu chifukwa palibe wowalandira. Kwa iwo kulemekezedwa kukanatanthauza kuloledwa kupuma popanda kugona ndi njala, ndipo chiphunzitso chongoyamikira okalamba ogwirabe ntchito sichiwafikira.