Bulu wa Balamu ndi Galu wa Mnansi Wanga

M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la chilimwe limawotcha malata a nyumba za ku Kanjedza kufikira munthu kusowa pokhala, ndinatha masiku ambiri ndikumva kubuula kwa galu wa mnansi wanga, amene anamangidwa ndi unyolo waufupi patsinde pa mpanda, wopanda mthunzi ngakhale kadontho ka madzi, makutu atanyenyeka ndi ntchentche, nkhupakupa zitakhuta m'khosi mwake. Kuti galuyo anali kuzunzika, ngakhale mwana akadatha kuona. Chimene chinandisowetsa tulo chinali chakuti, ine ndine yani kuti ndikaodire pakhomo pa mwamuna mnzanga ndi kumdzudzula pa chiweto chimene anagula ndi thukuta lake?

Funso limeneli silisankha mtundu wa nyama. Ku Ulaya, kumene eni akavalo amawasungitsa m'makola olipira, wosamala khola amaona nthiti za kavalo wa mwini zikuwerengeka, ziboda zitatalika osasengedwa, nangomeza mate poopa kuthawitsa womlipira. Kwathu kuno akavalo ndi owerengeka, ndipo ambiri a ife tinangowaonera pamwamba pa phiri la Zomba akunyamula alendo. Koma yense amene anapenyapo abulu akukoka ngolo ku Dedza, goli losemera ng'ombe litawanyula khosi, kapena mbuzi yonjatidwa pakaliyala wa njinga ulendo wa ku msika wa Limbe, adziwa kuti mtima umawawa chimodzimodzi, ndipo pakamwa pamalemera chimodzimodzinso.

Chimene chimatitseka pakamwa ndi mawu aja akuti chamwini nchamwini, ndipo sindiwanyoza, pakuti m'makwalala momwe nyumba zathinana ngati mano, mawuwa ndiwo asunga mtendere. Koma Malembo savomereza kuti umwini wa munthu ukhale wopanda malire. Lamulo la Sabata linapumitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi ndi mwini nyumba. Ndipo pa Eksodo 23 Mose analamula kuti ukapeza bulu wa munthu wodana nawe atagwa ndi katundu, usampitirire, ngakhale bulu si wako, katundu si wako, mwini wake sakufunanso kukuona. Ngati udani sunakhale chifukwa chokwanira cholambalalira, kodi manyazi a pachinansi adzakwanira bwanji?

Nkhani imene inandigwira mtima koposa ndi ya Balamu pa Numeri 22. Mneneri uja anakwapula bulu wake katatu, osadziwa kuti nyamayo inali kuona mngelo amene iye sanamuone, kufikira Yehova anatsegula pakamwa pa bulu kuti adzinenere yekha mlandu wake. Chozizwa chimenechi chinachitika kamodzi kokha. Chiyambire tsiku lija abulu onse, akavalo onse ndi agalu onse akhala chete pansi pa ndodo, ndipo ine ndikhulupirira kuti Mulungu sanabwereze chozizwacho chifukwa anasiya ntchitoyo m'kamwa mwa amene aima pafupi nayang'ana. Ndiponso ife okhala ku Kanjedza, kumene Boma la Atsamunda linatsekera anthu m'ndende ya waya mu 1959, sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa kuti kumangidwa popanda wokunenera n'chinthu chowawa, ngakhale munthu ndi galu sayesedwa pamuyeso umodzi.

Kulankhula tsono nkoyenera. Chovuta ndi kalankhulidwe. Dziko lino lili nalo lamulo loteteza nyama ku nkhanza, mabungwe osamalira nyama a SPCA alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo kuyambira mu 2015 a Mission Rabies akhala akuzungulira mzinda uno wa Blantyre kubaya agalu katemera wa chiwewe. Koma kuthamangira kukasuma usanaonane ndi mwini nkuwotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti mbale akalakwa, uyambe wamuona payekha. Mneneri Natani sanamlalatire Mfumu Davide pabwalo. Anadza ndi nthano ya kamwana ka nkhosa, mfumu niidziweruza yokha. Akulu athu nawo anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kutsina kumachitika mwakachetechete.

Motero madzulo ena, nditazengereza kwa milungu iwiri imene galu uja analipira ndi ludzu lake, ndinaodira, ndinapatsidwa mpando, ndipo titalonjerana ndinati, "Achimwene, pepani ndalowa m'munda mwa eni. Mlonda wanu uja amandidandaulitsa masana inu mukachoka. Kodi mungandilole ndizimuikira timadzi?" Nkhope yawo inagwa, nakhala chete nthawi yaitali. Pambuyo pake anandisimbira zimene sindinkazidziwa: kuti mbala zinawathyolera kawiri, kuti amalawirira kuntchito kusanache nabwera kutada, ndi kuti wina anawalangiza kuti galu womangidwa ndi wanjala ndiye amalusa. Sindinaone nkhanza mwa iwo. Ndinaona mantha, kutopa ndi uphungu woipa. Ndinawayankha mwaulemu kuti galu wofooka ndi ludzu sangapirikitse mbala, ndi kuti mankhwala a nkhupakupa amapezeka kwa ogulitsa mankhwala a ziweto ku Limbe. Sanavomere, sanakanenso, ndipo pondiperekeza sanafike nane kumsewu monga amachitira kale.

Patapita masiku atatu ndinasuzumira pampanda, ndipo ndinaona kuti unyolo wasamukira patsinde pa mtengo wa mapeyala, pambali pake pali chigubu chodula pakati chodzaza madzi. Unyolowo udakali waufupi, ndipo moni wa achimwene aja udakali wozizira kufikira lero. Loweruka likudzali ndikaodiranso, nditanyamula botolo la mankhwala a nkhupakupa.