Kodi Nthano ndi Bodza? Maganizo pa Khirisimasi ndi Ana Athu

Funso la mwana

Chaka china, tsiku la Khirisimasi litangopita, ndinali khale pakhonde kwathu ku Chiringa, m'dera la Mfumu Nazombe, ndi kuyang'ana mitambo ya mvula imene inali kusonkhana pa phiri la Michesi. Pamenepo anafika mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 7, nakhala pansi pafupi ndi mapazi anga osanena kanthu. Patapita kanthawi anati, "Amalume, kodi ine ndinalakwa chiyani?"

Nditamfunsitsa ndinamva kumene kunachokera mawu amenewa. Msuweni wake wa ku Limbe anali atabwera kudzadya Khirisimasi kumudzi, ali ndi kanjinga katsopano. Iyeyo anauza anzake kuti kanjingako anampatsa ndi nkhalamba ina ya ndevu zoyera, dzina lake Father Christmas, imene imayenda usiku kugawira mphatso ana omvera makolo, koma ana osamvera imawapitirira. Tsono mnyamata wathuyu anali atadyetsa mbuzi chaka chonse, ndipo ku sukulu sanajombe, koma chimene analandira ndi malaya amodzi a pakaunjika. Mwana si chitsiru. Anawerengera yekha mumtima mwake, napeza kuti ngati nkhalambayo inampitirira, ndiye kuti iye ndi mwana woipa.

Kwathu kuno funso lotere likafika kwa mwinimbumba silibwerera lopanda yankho. Chifukwa chake ndafuna kuti tiganizire pamodzi, owerenga anzanga, zinthu ziwiri: kodi nkoyenera kuuza ana nkhani zosachitika pa nyengo ya chikondwerero? Nanga chikondwererocho tichidye motani kuti chisatidye ife?

Kumene nkhalambayi inachokera

Tiyambe ndi kufunsa mlendoyu kwawo, monga tichitira ndi mlendo aliyense. Kalekale, m'zaka za m'ma 300, mu mzinda wa Myra, umene lero uli m'dziko la Turkey, munali bishopu wina dzina lake Nicholas. Anthu anamkumbukira chifukwa cha chifundo chake. Nkhani imene imasimbidwa kwambiri ndi yakuti panali bambo wina wosauka wa ana aakazi atatu, amene sakanakwatiwa chifukwa cha kusowa chuma, ndipo Nicholas anapita usiku naponya golide m'nyumbamo kuti mwini nyumba asadziwe wompatsa. Tsiku lomkumbukira ndi pa 6 Disembala.

Anthu a ku Holland anamutcha Sinterklaas, ndipo dzinali litafika ku America linasanduka Santa Claus. Kumeneko alembi ndi ojambula anamveka maonekedwe ena. Wojambula wina, Thomas Nast, anayamba kumjambula m'chaka cha 1863, ndipo kuyambira 1931 kampani ya Coca-Cola inafalitsa zithunzi zake pa dziko lonse pofuna kugulitsa chakumwa chake. Chotero munthu amene anapereka mobisa kwa osauka anasanduka woitanira malonda pakhomo la sitolo.

Tisayese kuti Azungu onse anakondwera nazo. Mu Disembala 1951, mu mzinda wa Dijon ku France, anthu a mpingo anatentha chifanizo cha nkhalambayi pabwalo la tchalitchi chachikulu, ana ambiri akuona, ponena kuti yalanda malo a Mwana amene tsikulo lili lake. Enanso mu mzinda womwewo anakwiya, nati ana asalandidwe chimwemwe chawo. Mkangano umene tili nawo lero si wachilendo ayi.

Nafenso tili nazo nthano

Wina adzati, "Yankho nlapafupi: bodza ndi bodza, mwana auzidwe zoona zokhazokha." Koma munthu wotere waiwala mmene iye mwini anakulira. Ndani mwa ife amene sanakhale pamoto madzulo kumva za Kalulu ndi Fisi? Kodi Kalulu analankhulapo? Nanga agogo athu tiwatche abodza? Iai ndithu.

Taonani chimene chimachitika nthano isanayambe. Wosimba amati, "Padangokhala," ndipo omvera amayankha kuti, "Tili tonse." Mawu awiriwa ndiwo pangano. Wamkulu ndi mwana agwirizana kuti atuluke pang'ono m'dziko la masiku onse, alowe limodzi m'dziko limene nyama zimalankhula, ndipo nthano ikatha abwerere limodzinso. Palibe amene wanyengedwa, pakuti onse alowa pakhomo limodzi maso ali poyera. Bodza lili ndi khalidwe lina. Wonama salowa nawo. Iye amatsala kunja, namsiya mnzake m'katimo yekha.

Zilipo nkhani zina zimene makolo sanazisimbe ngati nthano, koma ngati zoona. Ife a ku Phalombe tidziwa za Napolo, chinjoka chimene akuluakulu anati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamuka chimagumula miyala ndi mitengo, nichikokolola zonse za m'njira yake. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo yawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatiliritsanso m'boma lomwe lino. Lero mwana wa sukulu afotokoza kuti mvula ikagwa masiku ambiri dothi la pamalo otsetsereka limakhuta madzi, ndipo limasereruka pamodzi ndi miyala, makamaka pamene mitengo inadulidwa. Mwanayo anena zoona. Komatu ngakhale chinjoka chitachoka m'nkhaniyi, chenjezo la makolo likhalabe chilili: phiri liopedwe, ndipo m'njira ya madzi musamangidwe nyumba.

Apa ndipo pali muyeso umene ndiyesa kuti ungatithandize. Nkhani iliyonse imene tiuza mwana ili ngati mtedza: ili ndi khoko, ilinso ndi njere. Khoko lidzasweka ndithu mwana akakula, ndipo palibe kholo lingaletse zimenezo. Chofunika ndi kufunsa kuti, khokolo likadzasweka, m'dzanja la mwanayo mudzatsala chiyani? Za Kalulu zikasweka patsala nzeru. Za Napolo zikasweka patsala kuchenjera. Za Nicholas wa ku Myra zikasweka patsala phunziro lakuti wopatsa asaimbe lipenga. Nanga za nkhalamba ya m'sitolo ija zikasweka patsala chiyani?

Zolakwa ziwiri

Ndiona zolakwa ziwiri m'nkhani ya Father Christmas monga isimbidwa masiku ano, ndipo kusachitika kwake si chimodzi cha izo.

Cholakwa choyamba nchakuti imangiriza mphatso ku khalidwe la mwana, pamene kunena zoona mphatsoyo imangidwa ku thumba la atate wake. M'nyumba ya munthu wolandira malipiro pa mwezi nkhaniyi siipweteka, pakuti mphatso idzafika ndithu. Koma nkhani siikhala m'nyumba imodzi. Imatuluka, nipita ku sukulu, ku chitsime ndi ku dambo kumene ana adyetsa mbuzi, ndipo kumeneko imagamula mlandu wa ana amene sanalakwe. Mwana wa wolemera imamuuza kuti, "Ndiwe wabwino," ndipo mwana wa wosauka imamuuza kuti, "Ndiwe woipa." M'mera mpoyamba: mwana amene waphunzira ali ndi zaka 7 kuti ubwino wa munthu uyesedwa ndi katundu, adzavutika kuiwala phunzirolo ali ndi zaka 40.

Cholakwa chachiwiri nchakuti imabisa thukuta. Malaya a pakaunjika aja sanagwe kumwamba. Mlongo wanga anabzala nandolo, nampalira, namthyola, namuumitsa, nasenza thumba kunka nalo kumsika; ndipo pa ndalama zochepa zimene anapeza anapatula ya malayawo, iye mwini natsala ndi chitenje chakale. Mwana akaphunzitsidwa kuti mphatso zenizeni zichokera kwa mlendo wosaoneka, chimene chachokera m'manja mwa amake achiyesa chachabe, ndipo salankhula mawu aja amene ali chiyambi cha ulemu wonse, akuti "zikomo".

Pano wina angandigwire pakamwa nati, "Nanga Nicholas uja sanabise dzanja lake?" Inde anabisa. Koma iye anabisa dzanja kuti wosauka asachite manyazi. Ife tikubisa dzanja m'njira imene ichititsa wosauka manyazi. Kubisa nkumodzi, koma zipatso zake nzosiyana.

Khirisimasi ndi mwezi wa Januwale

Tsopano tione za chikondwerero chenichenicho. Kumaiko kumene miyambo imeneyi inachokera, Khirisimasi imafika zokolola zili m'nkhokwe ndipo ntchito ya kumunda itatha. Kwathu kuno zili mosiyana. Pa 25 Disembala chimanga chili chaching'ono m'munda, udzu ukupikisana nacho, feteleza wachiwiri akufunika, ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi. Kutsogolo kuli Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, ndiponso ana abwerera ku sukulu akufuna makope ndi yunifolomu. Mitengo ya zinthu nayo siimvera chisoni. Tikumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, patangotsala milungu yochepa kuti Khirisimasi ifike.

M'nyengo yomweyi ndi mmene magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama zimene anasunga chaka chonse, ndipo abale a ku Joni ndi a m'tauni amafika ndi zikwama. Ndalama imaoneka m'mudzi kwa masiku ochepa, ndipo amalonda adziwa bwino masiku akewo. Tonse tawaona mabanja amene agulitsa chimanga cha m'nkhokwe, kapena kutenga katapila, kuti pa tsiku limodzi asaoneke otsalira pamaso pa anansi. Ndipo pofika pakati pa Januwale mwini nyumba ali pa ganyu m'munda wa mnzake, wake ukumera thengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma ndisamveke ngati munthu wodana ndi phwando. Munthu amene wadya nsima ya masamba miyezi yambiri, akapha nkhuku tsiku limodzi, naphika mpunga, nagulira ana ake buledi ndi chakumwa chotsekemera, sanachite uchitsiru. Mtima wa munthu ufuna tsiku loti uiwale khasu, ndipo mwana amene anavala chatsopano kupita ku tchalitchi m'mawa wa Khirisimasi amakumbukira tsikulo mpaka imvi. Wonyoza phwando la wosauka kawirikawiri ndi munthu amene adya nyama mlungu uliwonse. Chimene ndinena nchakuti phwando likhale ndi malire, ndipo malire ake ndi awa: lisadye mbewu, lisadye feteleza, lisadye kope la mwana. Phwando limene tidyera kukondwa nlabwino. Phwando limene tidyera kuti ena atione ndi ngongole imene ana athu adzabweza ndi mimba zawo.

Tikumbukirenso kuti mwini tsikuli, monga Mabuku Oyera asimba, anabadwira m'khola, makolo ake ali pa ulendo, atasowa malo m'nyumba ya alendo. Nchodabwitsa kuti tsiku lokumbukira mwana wosauka chotere likhale tsiku limene mwana wosauka adzimva kuti alibe pake.

Chimene ndinamyankha

Tibwerere kwa mnyamata uja, pakuti tamsiya pakhonde nthawi yaitali. Sindinamuuze kuti msuweni wake ngwabodza, popeza mwanayo anangonena zimene anauzidwa, ndipo makolo ake anachita mwachikondi. Ndinati, "Mphwanga, itana msuweni wako ndi anzako, ndikusimbireni nthano." Atakhala pansi ndinati, "Padangokhala," iwo nayankha, "Tili tonse." Ndipo ndinawasimbira za munthu wachifundo amene anayenda usiku kuponya chuma m'nyumba ya wosauka, nathawa asanaoneke.

Nthano itatha ndinawauza poyera kuti munthuyo anafa kalekale, ndipo kuti lero ntchito yake igwiridwa ndi anthu amoyo. Kanjinga kaja anagula ndi atate a mnyamata wa ku Limbe, ndi ndalama zimene anazigwirira ntchito. Malaya aja anagula ndi amake a mnyamata wathu, ndi ndalama za nandolo. "Sunalakwe kanthu," ndinatero. "Pita ukathokoze amako." Wa ku Limbe uja anakhumudwa pang'ono, sindibisa, koma pomwe ndinawafunsa ngati alipo wofuna kugwira ntchito ya Nicholas usiku womwewo, iye ndiye anayamba kuimirira.

Kutada, anawo anatenga mbale ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku, nakaiika pakhomo pa gogo wina wamasiye wa m'mudzi mwathu, nagogoda, nathawira kuseri kwa nthochi. Anabwerako akuseka mogwira pakamwa, ndipo chinsinsi chimenecho anachisunga koposa mmene akulu tisungira zathu.

Chotero, makolo anzanga, sindinena kuti tileke kusimbira ana nthano pa Khirisimasi. Tiwasimbire ndithu, pakuti mwana wokula wopanda nthano ndi wosauka koposa wopanda nsapato. Koma tilowe nawo limodzi m'nthanomo, ndipo tisawasiyemo okha. Tisanasimbe nkhani iliyonse tiyambe tadzifunsa kuti idzamveka bwanji m'makutu a mwana wa mnansi wathu amene alibe kanthu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ngati tifuna kuti nkhalamba yachifundo ija ikhalebe ndi moyo pakati pathu, tisaphunzitse ana kuidikira. Tiwaphunzitse kunyamula mbale.