PANGANO LA MALONDA LIKAFIKA POVUTA

Ana ambiri amene mumawaphunzitsa Lamulungu lililonse amachokera m'mabanja a anthu ogulitsa ndi ogula. Amamva makolo ao akudandaula za katundu amene sanafike pa tsiku lake, kapena za ndalama zimene sizinalipidwe. Funso lathu ndi ili: anthu awiri akapangana za malonda, kenaka zinthu ndi kusintha, kodi Mkhristu aumirire mau a pangano, kapena achite chifundo?

Buku la 1 Mafumu, mutu 5, likutiuza za pangano lotere. Solomo anafuna mitengo ya mkungudza ya ku Lebano yomangira Kachisi, ndipo Hiramu mfumu ya Turo anavomera kuipereka. Anthu a Hiramu ankadula mitengoyo, kuitsitsira kunyanja, kuimanga pamodzi ndi kuiyandamitsa mpaka pa malo amene Solomo anatchula. Solomo naye ankapereka miyeso 20,000 ya tirigu pamodzi ndi mafuta, chaka ndi chaka. Katundu anali wodziwika, malo ndi nthawi zinali zodziwika, ndipo panali mtendere.

Koma mutu 9 ukuonetsa kuti zitapita zaka 20, Kachisi ndi nyumba ya mfumu zitatha, Solomo anapatsa Hiramu midzi 20 ya m'dziko la Galileya. Hiramu anali atatumizanso matalente 120 a golide. Atapita kukaiona midziyo sanakondwere nayo, ndipo analitcha dzikolo Kabulu. Tirigu anali woyesedwa, koma midzi ija Hiramu anaiona atapatsidwa kale. Mikangano yambiri ya malonda imabadwira pomwepo, pa chinthu chimene aliyense anangoganiza kuti mnzake wamva.

Taonani zimene Hiramu anachita. Anapita yekha kukaona ndi maso ake, sanadalire za m'maluwa. Ananena dandaulo lake kwa Solomo mwini wake. Ngakhale anali wokhumudwa, anamutchabe mbale wake. Ndipo mutu womwewo ukutha ndi amalinyero a Hiramu akuyenda pamodzi ndi anyamata a Solomo ulendo wa ku Ofiri, kumene anatenga matalente 420 a golide. Chibwenzi chinapitirira pakuti mlandu unakambidwa poyera.

Tsono tibwere kwathu kuno. M'mwezi wa Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera. Tiyerekeze kuti mwini sitolo anali atalonjeza mmisiri womanga nyumba kuti adzampatsa malata pa mtengo wakale. Akasunga lonjezo, aluza. Akaliphwanya, mmisiri aluza, pakuti nayenso analonjeza mwini nyumba. Nanga choyenera ndi chiti?

Choyamba, lonjezo limamanga munthu. Salmo 15 likuyamikira munthu amene sasintha mau ake ngakhale aone kuti lumbirolo limupweteka. Ngati wogulitsa aliyense angathawe pangano mtengo ukakwera, ndipo wogula aliyense angathawe mtengo ukatsika, ndiye kuti palibe amene angapangane ndi mnzake. Pangano limapangidwira tsiku lovuta. Tsiku labwino silisowa mboni. Kotero mwini sitolo alibe chilolezo chobisa malata kuseri, kapena kupereka opyapyala m'malo mwa okhuthala. Levitiko 19 ndi Miyambo 11 akutsutsa miyeso yonyenga mosabisa.

Chachiwiri, amene ali ndi mphamvu ya pangano m'dzanja lake ali ndi udindo nayenso. Makolo athu a m'chikhulupiriro anatisiyira mwambi wakuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Herode anasunga mau ake, koma anachimwa. Pali kusunga pangano kumene kumapha munthu. Mmisiri akaona kuti mnzake sananame, ndipo kuti kuumirira kutseketsa sitolo ndi kugoneka ana ndi njala, ayenera kukumbukira kapolo uja wa m'Mateyu 18, amene anakhululukidwa ngongole yaikulu koma anagwira mnzake pakhosi chifukwa cha yaing'ono. Awiriwa angathe kugawana kuluzako, kuchepetsa katundu, kapena kuonjezera masiku.

Apa pali malire amene tiyenera kuwagwira bwino. Chifundo chimapemphedwa, sichilandidwa. Wolephera afulumire kupita kwa mnzake, aonetse mabuku ake ndi malisiti, anene zoona. Akayembekeza mpaka tsiku lopereka katundu litadutsa, wasandutsa tsoka kukhala chinyengo. Ndipo chimene agwirizana chatsopano achilembe pamaso pa mboni. Kulemba si kukayikira mbale. Ndi kuthandiza mtima wa munthu umene umaiwala msanga.

Nanga akalephera kumvana? Ambuye anatipatsa njira m'Mateyu 18: poyamba awiri okha, kenaka ndi mboni mmodzi kapena awiri, kenaka mpingo. Paulo anadzudzula Akorinto chifukwa chothamangira kumabwalo a akunja pamene pakati pao panali anthu anzeru otha kuweruza. Ngakhale mabwalo a dziko lathu amaidziwa nzeru imeneyi. Bwalo Lalikulu lili ndi nthambi ya milandu ya malonda, ndipo malamulo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera kwa mkhalapakati isanazengedwe.

Wina angafunse kuti, "Kodi kukambirana kumeneku sikuthandiza olemera okha?" Funsoli ndi loona. Alipo amalonda akuluakulu amene amalandira chimanga kapena nkhuni za munthu wosauka, ndi kumamuuza kuti abwere mawa mpaka miyezi ithe, ndipo akadandaula amamukumbutsa za chikondi. Uku ndi kuba kovala jekete. Akulu a mpingo akamva mlandu wotere asayang'ane kuti ndani amapereka zambiri m'mbale ya Lamulungu. Wolakwayo akakana kumva, wolakwiridwa sachimwa popita kubwalo, pakuti Aroma 13 akuti olamulira anaikidwa ndi Mulungu, ndipo Paulo yemwe anapempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara. Koma apite kukafuna chake, osati kukagwetsa mnzake.

Pophunzitsa ana, yambani ndi zinthu zao zomwe. Mwana wabwereka pensulo nalonjeza kubweza mawa, koma yatayika. Afunseni kuti wobwereka achite chiyani, ndipo mwini pensulo achite chiyani. Athandizeni kuona kuti wina ayenera kunena zoona msanga ndi kubweza monga angathere, ndipo winayo ayenera kumva asanakwiye. Pomaliza auzeni nkhani ya Hiramu, ndi kupemphera nawo kuti Mulungu, amene sanaphwanyepo pangano lake ndi ife, atiphunzitse kusunga athu.