Kodi Nkulakwa Kuthetsa Pangano Osatsanzika?

Nyengo yokolola ikafika, pa misika ya Mitundu ndi Nathenje pamamangidwa mapangano ambiri amene salembedwa papepala. Wamalonda apangana ndi mwini ngolo kapena mwini lole kuti azimtutira mtedza, soya ndi chimanga kuchokera m'midzi kufikira malonda atatha, mtengo wake wakutiwakuti pa thumba. Mwini ngolo, pokhulupirira mawuwo, akana ena amene akadamlemba, akonzetsa matayala, nalemba mnyamata womthandiza. Tsiku lina alawirira kumanga ng'ombe, koma pofika apeza matumba atakwezedwa kale pa ngolo ya wina amene walola mtengo wotsika. Podandaula angomva kuti: "Kodi tidalemberana?" Tsono wamalonda wotereyu wachimwa kodi, kapena wangochenjera pa malonda ake?

Pangano la ntchito silikhala lamuyaya ayi. Mitengo imasintha, malonda amagwa, ndipo munthu ali nawo ufulu wosiyana ndi mnzake. Mlandu uli pa kasiyanidwe kake. Pakuti amene walandira lonjezo amamanga moyo wake pa lonjezolo monga nyumba pa mzati: wataya ntchito zina, wakongola ndalama, wauza ana ake kuti fizi ipezeka. Notisi ndiyo nthawi imene apatsidwa kuti aimike mzati wina woyambawo usanazulidwe. Wothetsa pangano modzidzimutsa sadapise dzanja m'thumba la mnzake, komabe wamlanda masiku amene akadapezera ntchito kwina, ndipo masiku okolola akapita sabweranso kufikira chaka chamawa. Kumeneko ndi kuphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu. Ngati adalonjeza alibe mtima wosunga mawu ake, waphwanyanso lachisanu ndi chitatu, loletsa bodza.

Makolo adaidziwa nzeru imeneyi mapepala asanafike. Mlendo sachoka pamudzi osatsanzika, ndipo wobwereketsa munda saulanda mbewu zili m'mizere. Amadikira mnzake akolole. Malamulo a dziko atsata njira yomweyo. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 likuti wolandira malipiro pamwezi auzidwe mwezi wathunthu ntchito isanathe, apo ayi alipidwe ndalama za mweziwo. Pa mapangano a malonda amene sadatchule tsiku lothera, makhoti amafuna notisi yoyenera, ndipo wophwanya pangano amlamula kulipira zimene mnzake wataya. Kuyambira chaka cha 2007 Khoti Lalikulu lili ndi nthambi yoweruza milandu ya zamalonda. Koma mwini ngolo wa kumudzi ndalama za loya angazipeze kuti? Kumene woweruza safika, chikumbumtima ndicho chiyenera kuweruza.

Pangano limamanga mbali zonse ziwiri. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa kontirakiti: kampani ikongoza mlimi mbewu ndi feteleza, mlimi nalonjeza kuigulitsa fodya wakeyo. Mlimi amene azembetsa mabelo usiku kwa mavenda wachita chomwecho chimene adachita wamalonda uja. Wogula amene angamtaye mlimi atafesa kale nazale wachimwa koposa, pakuti wamphamvu akaswa mawu ake wovutika ndi wosauka.

Nanga palibe pangano limene munthu angalisiye tsiku lomwelo? Lilipo. Ngati mnzake ndiye wayamba kuliswa kwakukulu, monga kuba katundu panjira kapena kukaniratu kulipira, winayo wamasuka. Pangano lochita choipa nalonso silimanga munthu. Anthu amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, koma Herode sadayenera kusunga lumbiro lakupha wosalakwa. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya m'chaka cha 1891, adaphunzitsa kuti wantchito amene avomera zomupsinja chifukwa cha njala kapena mantha wachitidwa chosalungama, ngakhale adavomera ndi pakamwa pake. Chotero thangata, limene lidatha mu 1962, ndi utenanti wa m'maesiteti, umene lamulo lidauletsa mu 2021, sizidali mapangano a anthu omasuka. Koma kupeza mtengo wotsika kwina si chifukwa chotere. Yoswa adanyengedwa ndi anthu a ku Gibeoni, komabe atazindikira sadaswe lumbiro lake, popeza adalichita m'dzina la Mulungu.

Choncho Mkhristu popangana ndi mnzake aitane mboni, ndipo atchuliretu masiku a notisi, ngakhale pa kapepala ka m'kope la mwana wa sukulu. Akafuna kusiya, apite yekha kukanena nthawi ikadalipo, osatuma mwana kapena kuzima foni. Ngati sangathe kudikira, alipire masikuwo. Amene adathetsa kale pangano mwa njira yoipa akumbuke kuti tchimo losalungama silitha ndi kuulula kokha. Pafunika kubweza monga momwe angathere. Akatekisiti aphunzitse zimenezi m'miphakati zokolola zisanafike pamsika, ndipo akuluakulu a mpingo asachite ulesi kuyanjanitsa otsutsana mlandu usanakule. Mulungu adasunga chipangano chake ndi anthu osakhulupirika. Ana ake asakhale oyamba kuswa mawu awo chifukwa cha makwacha ochepa pa thumba.