Chigamba cha pa mtima

Akuluakulu anati mtima suvala nsanza. Koma masiku ano madokotala ayamba kuuika chigamba, ndipo chigambacho si cha nsalu ayi, ndi cha mnofu wochokera kwa munthu wina.

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, mbali ina ya mnofu wake imafa posowa magazi. Khungu likasupuka limamera lina, koma mnofu wa mtima sumeranso. Pamangotsala chipsera chosagunda. Munthu amapulumuka inde, koma amatsala wabefu, mapazi otupa, khasu osalithanso. Mu Januwale 2020, gulu la Yoshiki Sawa pa yunivesite ya Osaka ku Japan linamata pa mtima wa wodwala tizigamba ta mnofu topyapyala ngati khoko la anyezi. Anatikuza mu labotale kuchokera ku maselo omwe munthu wina anapereka ali moyo. Ku Göttingen m'dziko la Germany akuyesanso zofanana.

Kakambeni zimenezi pamsika wa Namitete, muona. Palibe adzafunse ngati zikuthandiza. Adzafunsa kuti: mnofuwo autenga kwa ndani?

Funso limeneli ine sindiliseka. Tili m'dziko lomwe abale athu achialubino aphedwa chifukwa cha mafupa awo, dziko lomwe mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje. Manthawo anapha osalakwa, zoona, koma pansi pake pagona chinthu chomwe wosauka amachidziwa bwino, chakuti thupi lake limatha kusanduka katundu. Mbiri ya udokotalawu nayonso ili ndi pochititsa manyazi. Mu Januwale 1968 ku Cape Town, Christiaan Barnard anaika mtima wa Clive Haupt, mkaladi, m'chifuwa cha mzungu Philip Blaiberg. Malamulo a tsankho sankalola awiriwa kukhala dera limodzi, koma mtima wokhawo unaloledwa kulowa.

Komatu za anzathu tinayamba kale kuzilandira. Pa chipatala cha St Gabriel's, chomwe masisitere a ku Luxembourg anatsegula mu 1959, mwana woyera m'manja ndi malungo amaikidwa magazi a munthu yemwe sadzamuona. Sindinamvepo mayi akudandaula kuti mwana watengera khalidwe la mwini magaziwo. Timati wakuti ngouma mtima, wakuti ngwamtima wabwino, koma tonse tikudziwa kuti ulemu mwana amauphunzira kwa amake ndi kwa amalume ake, sautenga m'botolo la magazi.

Nanga wopereka magazi ndi wogwidwa ndi achiwembu akusiyana pati? Poyamba, winayo anapemphedwa. Koma kupempha pakokha sikukwanira. Kupita kwa munthu mwezi wa Febuluwale, nkhokwe ili gwa, iwe ndalama zili m'manja, "eya" wakeyo wayankha ndi m'mimba.

Ine muyeso wanga ndi uwu: kodi woperekayo, kapena mwana wake, angadzalandireko tsiku lake likafika? Magazi amakhoza mayeso amenewa. Mnyamata wa ku Nsaru wopereka lero akhoza kulandira mawa atagwa pa njinga yamoto. Chigamba cha pa mtima sichinafikepo pamenepa. Kuno ambiri ofunika opaleshoni ya mtima akudikirabe pa mndandanda wopita ku India. Ndiye akadzabwera ofufuza kudzapempha maselo athu, ine sindidzathawa kapena kutola mwala. Ndidzawapatsa mpando, n'kuwafunsa kuti chigambacho chikadzatheka, wa ku Kabudula adzachipeza pa chipatala chiti, ndipo pa mtengo wanji.