Njira ziwiri zokwerera Pico Ruivo

Mukafunsa mnyamata aliyense wa mu komboni kuti Cristiano Ronaldo kwao n'kuti, adzayankha msanga kuti ku Portugal. Ndi ocepa amene angakuuzeni kuti anabadwira m'tauni ya Funchal pa cisumbu ca Madeira, m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Cisumbu cimeneci ndi mapiri okhaokha otuluka m'madzi, ndipo alendo ambiri amapitako kukayenda wapansi m'mapirimo. Pakati pao pali ena amene miyendo imawagwedera akangoima pafupi ndi phompho. Asananyamuke amayamba afunsa kuti ndi njira ziti zimene munthu woyopa malo okwera angayendemo. Funso lao limabala lina limene limatikhudza ngakhale ife a ku Kanyama ndi Mtendere: kodi munthu wosankha njira yosavuta ndi wamantha?

Njira zambiri za pa Madeira zimatsata ngalande zochedwa levada. Apwitikizi atakhazikika pacisumbupo m'zaka za m'ma 1400, anaona kuti mvula imagwa kwambiri kumpoto ndi m'mapiri, pomwe minda ya nzimbe inali kum'mwera kouma. Conco anakumba ngalande m'mbali mwa mapiri kuti madzi afike kuminda, ndipo pambali pa ngalande anasiya kanjira ka munthu woisamalira. Popeza ngalande imatsika pang'onopang'ono, njirazi sizitopetsa. Koma malo ena kanjirako n'kocepa ngati benchi ya m'kalasi, kuno madzi, uko phompho. Munthu wamphamvu zoyenda tsiku lonse akhoza kulephera kudutsa mamita khumi cabe.

Phiri lalitali kwambiri pacisumbuci ndi Pico Ruivo, la mamita opitirira 1,860. Njira yochuka yokwerera phirili imayambira pa Pico do Arieiro. Ndi ya makilomita oposa 6, imadutsa pamisana yopyapyala ya mapiri, pamasitepe osemedwa m'thanthwe ndi m'mapanga amdima oboola phiri. Njira ina imayambira pa Achada do Teixeira. Ndi ya makilomita 2.8, yoyalidwa miyala, ndipo makolo amayendamo ndi ana ao. Zonse ziwiri zimathera pansonga imodzi, pamene mitambo umaiona pansi pa mapazi ako. Koma akatsika, wa njira yoyamba ndiye amaomberedwa m'manja pa Facebook. Wa njira yaciwiri amakamba za ulendo wake ngati akupepesa.

Ine ndinali mmodzi wa oomba m'manjawo mpaka tsiku limene tinapita ndi ana a sukulu ku Livingstone kukaona Mosi-oa-Tunya. Titafika pa kamlatho kocepa ka Knife-Edge, mnyamata wina wa Giredi 9, goloboyi wathu wosayopa mapazi a munthu aliyense pabwalo, anangoima. Anakamba motsitsa mau kuti, "Ba ticha, ine niyopa." Anzake anaseka. Wina anamufunsa ngati ndi mwamuna zoona. Ine ndinamuuza kuti palibe coyopa, ndinamugwira dzanja n'kumukoka. Anaoloka atatsinzina. Kutsidya anakhala pansi akunjenjemera, mathithi osawayang'ana n'komwe, akungoganiza kuti afunika kubwereranso pamlatho womwewo. M'basi pobwerera ku Lusaka sanakambe ndi munthu. Ndinagona usiku umenewo ndikudziyesa mphunzitsi wabwino amene wathandiza mwana kugonjetsa mantha. Panapita nthawi kuti ndivomereze kuti ndinamunamiza. Coyopa cinalipo, ndipo iye anali atakamba zoona.

Mantha amenewa si uciwanda kapena ulesi. Lusaka ili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kucokera pamene pali nyanja yamcere, koma palibe amene amacita cizungulire pa City Market. Cimene thupi limakana ndi m'mphepete, pamene maso aona kuti nthaka yatha. Mu 1960 akatswiri awiri a ku Cornell University ku America, Eleanor Gibson ndi Richard Walk, anaika makanda okwawa pathebulo la galasi lolimba, limene mbali ina pansi pake panali kuoneka ngati dzenje. Amai ao anali kuwaitana kutsidya, koma makanda ambiri anakana kukwawira pamwamba pa dzenjelo. Tili ndi mlonda ameneyu m'thupi, ndipo ndiye anasunga makolo athu kuti ife tikhalepo. Kungoti mwa ena amakuwa kwambiri kuposa mwa anzao.

Nanga kulimba mtima n'ciani? Aristotle, wanzeru wa ku Greece wakale, anaphunzitsa kuti khalidweli limakhala pakati pa mantha opitirira ndi kusasamala, ndipo pakatipo pamasiyana malinga ndi munthu. Ngati zili conco, sitingayese mtima wa munthu ndi kutalika kwa phompho limene wadutsa. Amene sayopa kalikonse akayenda pamsana wa Pico do Arieiro, mtima wake sunagwire nchito iliyonse, wangotopa miyendo. Woyopa uja akayenda makilomita 1.5 a njira yosalala ya Balcões, kucokera pa Ribeiro Frio kudutsa m'nkhalango, n'kufika pamalo oonerapo cigwa, n'kugwira cochinga ndi manja otuluka thukuta, walimbana ndi cinthu ceniceni. Pacithunzi sizioneka, koma zacitika.

Tikumbukirenso amene anakumba ngalande zija. Ena anali akapolo, ena anali amphawi aganyu, ndipo m'malo ovuta anali kuwatsitsa ndi zingwe kuti aseme thanthwe ali lendelende. Palibe amene anawafunsa ngati akuyopa. Munthu akadutsa pangozi cifukwa wakakamizidwa, kaya ndi cikoti kaya ndi kuseka kwa anzake, tisathamangire kumucha ngwazi. Coyamba tifunse kuti anamuikapo ndani. Pa Knife-Edge paja, womuikapo ndinali ine.

Wina angatsutse kuti maganizo awa akulera ulesi. Ngati aliyense azingosankha njira yosavuta, kodi adzakula liti? Mfundo yake ili ndi nzeru, pakuti mantha amanenepa ukamawathawa. Akatswiri othandiza anthu a mantha otere amawatenga pang'onopang'ono: lero pamasitepe ocepa, mawa pakhonde la nyumba yosanja, mpaka thupi litazolowera. Koma onani kuti wodwalayo ndiye amavomereza sitepe iliyonse, ndipo amadziwa kuti akhoza kuima. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene wakwera Pico Ruivo kudzera pa Achada do Teixeira watola nkhuni yake yoyamba, ndipo mwina caka cina adzayesa njira ina. Wokokedwa atatsinzina amabwerako ndi mantha aakulu kuposa amene anapita nao, pamodzi ndi manyazi.

Mantha amene ayenera kutidetsa nkhawa ndi ena, oyopa kusekedwa. Mu komboni timawadziwa bwino. Ndi amene amacititsa mnyamata kumwa botolo loyamba asakufuna, kubecha ndalama ya lendi, kapena kulendewera pakhomo la minibasi ikuthamanga. Palibe amene amafuna kuchedwa mwana wa amai. Pagulu la ana onse amene ndinapita nao ku Livingstone, goloboyi uja yekha ndiye anagonjetsa mantha amenewa, cifukwa anaulula kufooka kwake pamaso pa anzake akudziwa kuti amuseka. Ine wamkulu sindinazione.

Apa m'pamene pali udindo wa ife amene miyendo siitigwedera. Munthu akatifunsa za njira, mau akuti "n'zosavuta" amafotokoza miyendo yathu, iye sanamuuze kanthu. Woyopa afunika kumva zinthu zogwirika: njirayo ndi yotakata bwanji, pali cochinga kapena palibe, malo oipawo ndi aatali bwanji, ndipo kodi angabwerere akafika pakati? Akulu anati safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kupatsidwa yankho labodza amadyanso phula lomwelo, ndipo mlandu ndi wa woyankha. Zimenezi n'cimodzimodzi pamene mng'ono wako akufunsa za nchito ya ku migodi, za ngongole ya pafoni kapena za ulendo wa ku Johannesburg. Muuze pamene pali phompho, usankhe kumulemekeza kuti adzasankha yekha.

Tsopano ndikapita ndi ana kumathithi, timaima tisanafike pakamlatho. Ndimawauza kuti ndi kocepa, konyowa, kali ndi zogwirira mbali zonse ziwiri, ndipo pansi m'patali. Ndimawauzanso kuti mathithi amaoneka bwino ngakhale tsidya lino, ndipo wofuna kutsala atsala ndi mphunzitsi wina. Ena amatsala. Ena amayenda masitepe asanu n'kubwerera. Wosekayo ndimamubweza kumbuyo kwa mzere. Goloboyi uja anatsiriza sukulu kalekale, ndipo sindinamupepese. Ngati awerenga izi, adziwe kuti tsiku lija anakamba zoona, wolakwa ndinali ine.