KODI KANJIRA KA M'MUDZI N'KA YANI?

Munthu woimirira pa Muloza tsiku la msika wa ku Limbuli aona chinthu chimene makolo sadachione: njinga zamoto zambirimbiri, zina zochokera tsidya lija la ku Milange, zina zotsika m'tinjira ta pakati pa minda ya tiyi, zitasenza anthu, matumba a chimanga, nanazi ndi mbuzi zomwe. Kale mthuthuthu udali wa Bambo Mfumu popita kukachita Misa kumidzi, ndipo ana ankathamanga kukauona. Lero mnyamata aliyense alakalaka wake, ndipo dzina lija la kabaza, limene lidayamba ndi njinga zopalasa, lagwira ndi zamoto zomwe.

Ubwino wa njinga zimenezi uoneka pamene mseu wa tala wathera. Galimoto ikalephera m'matope, njinga ipita. M'mwezi wa March 2023, namondwe Freddy atakokolola milatho m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, m'malo ambiri odwala ndi katundu adayenda pa njinga kapena pamutu basi. Mai wobvutika ndi pakati usiku, amene kabaza adamfikitsa ku chipatala nthawi isanathe, sangalole kuti wina anyoze chipangizo chimenechi. Tsono nkhani ino siyotsutsa njinga.

Koma m'maiko olemera njinga yomweyi aisandutsa choseweretsa. Apanga zina zamphamvu, za miyendo iwiri ndi za miyendo inai, zoyenda nazo dala m'thengo, mumchenga ndi m'mapiri, osati chifukwa kulibe mseu, koma chifukwa kubvutikako ndiko kukoma kwake. Mpikisano wotchuka wa mtundu umenewu udayamba m'chaka cha 1978, kuchokera ku Paris mpaka ku Dakar, kudutsa m'chipululu cha Sahara ndi m'midzi ya anthu osauka. M'chaka cha 1988 nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, idaudzudzula kolimba, poona kuti udali kuonetsa chuma ndi mphamvu pakati pa anthu ofa ndi njala ndi ludzu. M'chaka cha 2006 anyamata awiri, wina ku Guinea wina ku Senegal, adafa atagundidwa ndi magalimoto a mpikisanowo. Kuyambira 2009 udasamukira ku South America, ndipo kuyambira 2020 uchitikira ku Saudi Arabia.

Wina adzati: nanga zimenezo zikhudzana bwanji ndi Muloza? Zikhudzana ndithu. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'gulu la malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Alendo akachuluka, sikudzakhala kodabwitsa munthu wina wanzeru za malonda akadzaganiza zobwereketsa njinga zotere kwa ofuna kusangalala m'tsinde mwa phiri. Ndiponso si kofunika kudikira mlendo: anyamata a kuno komwe, akatsitsa wokwera madzulo, apikisana kale liwiro pobwerera. Palinso china chikudza. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, boma lidaleka kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu kuyambira January 2025, kuti zilowe m'malo mwake zamagetsi. Njinga yamagetsi siitulutsa utsi, ndipo pamenepo iyenera kuyamikidwa. Koma siilira, ndipo nkhalamba imene lero ipatuka pomva phokoso idzangoona njinga iri kale pamsana pake.

Kodi tsono kusewera pa njinga ndi tchimo? Iai. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti mzimu wa munthu utopa monga thupi, ndipo kuti masewera oyenera ali mpumulo wake. Adafika ponena kuti munthu wokana chisangalalo chonse nayenso alakwa. Mnyamata wokondwa ndi mphepo yomuomba kumaso sachimwa ndi kukondwako. Funso lenileni liri pena: aseweretsa moyo wa yani, ndipo pa malo a yani?

Wokwera njinga adasankha yekha ngozi yake. Ngakhale pamenepo ufulu wake uli ndi malire, pakuti moyo adachita kubwerekedwa ndi Mulungu, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2290, aika pa mlandu waukulu anthu amene, chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro, aika moyo wao ndi wa anzao pa ngozi. Koma mwana wotuluka m'chinangwa kuthamangitsa nkhuku sadasankhe kanthu. Kanjira kaja sadakalime ndi boma. Adakaponda ndi mapazi amai opita kumadzi, ana opita ku sukulu, anthu onyamula maliro, chaka ndi chaka, mpaka udzu udagonja. Amene adakapanga ndi woyenda pansi. Njinga idadza pambuyo ngati mlendo, ndipo mlendo salamula pakhomo. Pa mseu waukulu woyenda pansi adziwa kuti ayenera kuchenjera. Pa kanjira ka m'mudzi alibe kwina kothawira, chifukwa ndiko kwao.

Apa chilungamo chifuna kusiyanitsa anthu awiri. Mnyamata wa kabaza kawirikawiri njinga si yake. Madzulo ali onse mwini wake adikira ndalama, igwe mvula kapena isagwe. Athamanga chifukwa cha njala. Zimenezi sizichotsa mlandu akagunda munthu, koma ziugawa: gawo lina ligwera mwini njinga amene afuna zambiri osakonza mabuleki, gawo lina ligwera wokwera uja amene akhala kumbuyo namati fulumira, fulumira, kuiwala kuti akulu adati kuthamanga sikufika. Akhristu ambiri aulula machimo ena mosamala, koma ili lofulumizitsa kabaza salikumbuka konse. Wosewera uja alibe chodzikanira chotere. Palibe wodwala amene amdikira, palibe mwana wogona ndi njala akachedwa. Chifukwa chake amene athamanga popanda chomkakamiza ayenera kudziletsa koposa onse, ndi kufuna bwalo lake lakelake, kutali ndi makomo a anthu.

Nthaka nayonso iri ndi mau ake pa mlandu uno, monga Papa Francis adakumbutsa m'kalata yake Laudato Si' ya 2015. Tayala likakumba kamzere pa mtsetse, mvula ya ku Mulanje ikatsata, ndipo zikapita zaka zowerengeka kamzere kasanduka chigwembe chodya munda wa munthu amene sadakwerepo njinga chibadwire.

Mafumu, akatekisti ndi miphakati achita bwino kukambirana zimenezi tsopano, alendo ndi njinga zao asanafike: ndi tinjira titi timene njinga idutse, ndi titi timene woyendetsa atsike nakankhe. Ndipo mnyamata akabwera ndi njinga yatsopano ku tchalitchi kuti aidalitse, wansembe asafulumire ndi madzi odalitsa. Ayambe wamfunsa ngati ali ndi zisoti ziwiri, chake ndi cha wokwera. Amfunse ngati mabuleki agwira. Kenaka amuuze kuti awerenge pa zala malo onse amene ana amadutsa pakati pa nyumba yake ndi msika wa Limbuli.